Mtsinje Sudinda

Gulu: Maliro a bambo Renato
Otsalamo: Lucrécia, Tânia, Carlitos

LOWERUKA

07:41 Tânia: mama passport yanga mwaiona? mchikwama mulibe

07:41 Tânia: ndakhutula zonse pamphasa kwa atio Carlitos kuno, mulibe

07:45 Tânia: mama

07:52 Lucrécia: ili ndi ine

07:52 Tânia: eeh zikomo Mulungu. ndinaiwala pa bedi? atio abwere adzatenge pa njinga

07:53 Lucrécia: sunaiwale. ndinachotsa ndekha uli kubafa

07:53 Lucrécia: ndaimanga mchiuno. aitenge amene angandivule

07:54 Tânia: mukuti chani??

07:59 Lucrécia (mawu, 1:12): Ndikulankhula motsitsa chifukwa ndili kuseri kwa nkhokwe. Azakhali ako Judite akundilondera ngati mbuzi yogula kumene, ati namfedwa satuluka pabwalo asanametedwe. Tamvera iwe Tânia. Ukuyesa sindikudziwa chimene wapitira kwa malume ako? Wati ukukatsanzika. Kutsanzika amapita ndi chikwama chonse? Ukufuna kuwoloka mtsinje wa Ruo. Ruo ameneyu, wa mvula ya sabata yonseyi, amene watenga munthu Lachinayi mpaka lero sanamupeze. Ine ndaika mwamuna, dothi la pamanda silinaume, ndiye ndiyambenso kufunafuna mwana m'mabango? Toto. Ukufuna kubwerera kusukulu kwako ku Malawi, dzera pa geti pamalire ngati anthu. Ukangonena kuti mama ndidzera pa geti, pasipoti ndikupatsa ndi manja awiri.

08:01 Tânia: mama ndakuuzani kangati kodi. pa geti SINDINGADUTSE

08:02 Tânia: passport ikuonetsa kt ndili ku Malawi. nditabwerera kusukulu Khrisimasi itatha anandidinda yolowa. tsiku lomwe papa anamwalira atio anadzanditenga tinadzera pamtsinje. stamp yotuluka palibe

08:02 Tânia: kwa iwo ine sindinachoke

08:03 Tânia: ndikatulukira pa geti kuchokera ku Mozambique kuno afunsa kt unatuluka bwanji. student permit atha kuilanda. sukulu yathera pomwepo

08:04 Lucrécia: uwauze kuti bambo anga anamwalira

08:04 Tânia: lamulo silidziwa maliro mama

08:05 Lucrécia: odindawo alibe abambo awo? anachita kuphuka ngati bowa?

08:06 Tânia: ndikangowoloka pamtsinje pomwe ndinadzera zonse zili bwino. palibe akudziwa kt ndinachoka. ndi zokhazo

08:11 Carlitos: bom dia mana. mwadzuka bwanji

08:11 Lucrécia: iwe usandipatse moni

08:12 Lucrécia: ndiwe wayambitsa zonsezi

08:15 Carlitos (mawu, 0:41): Aaa mana, musandiponyere ine mlandu. Pa maliro ndani amazungulira ku geti? Geti ili kutali, mwana akanapeza alamu ataikidwa kale. Madzi tsiku lija anali m'mawondo, ndinachita kunyamula njinga paphewa. Ndiponso si ife tokha. Kwaya yonse ya kutsidya inadzera pomwepo, akatekisiti omwe, atapinda thalauza. Chiyambire makolo athu, maliro amadzera pamtsinje.

08:16 Lucrécia: a kwaya ali ndi permit? a kwaya akuphunzira unamwino?

08:17 Lucrécia: unamuzembetsa mwana wanga ngati thumba la chimanga

08:17 Carlitos: inuyo munandiimbira mukulira kt thamanga ukamutenge

08:18 Lucrécia: ndinati ukamutenge. sindinati usiye mutu pakhomo

08:24 Tânia: siyani kukangana pls. ine Lolemba 8 koloko ndili ndi practical ya final. ndikaphonya ndibwereza chaka

08:25 Tânia: permit ikutha April. masisitere ondilipirira fees ananeneratu kt salipira chaka china. mukumva koma?

08:26 Tânia: ndikanabwerera madzi ali ochepa. munati ndidikire kumeta. tadikira atate aakulu Amândio mpaka mvula yatipeza

08:29 Lucrécia: mwana achoke asanamete maliro a bambo ake? anthu akanati chani

08:29 Lucrécia: wachedwa ndi Amândio. ukamutukwane iyeyo. wafika dzulo ndi mimba yake ngati akubwera ku ukwati

08:30 Lucrécia: kumeta ndi mawa ikatha misa. umete kenako upite pa geti

08:31 Tânia: mawa ndiyenera kukhala ndili pa minibus

08:31 Lucrécia: ndiye umete mmamawa

08:32 Tânia: tsitsi si nkhani mama!!

09:48 Carlitos (chithunzi: madzi ofiira afika pa mizu ya mkuyu, anthu ataima pagombe ndi mitolo)

09:49 Carlitos: ndabwera kudzaona. atsika pang'ono kusiyana ndi dzulo. Julião akuwolotsa anthu

09:50 Lucrécia: ndi chani

09:50 Carlitos: chubu cha thirakitala. amangirira chingwe ku mkuyu uku, kutsidya ku mtengo wina. munthu amakhala pakati iye amasambira pambali akukoka

09:51 Lucrécia: Julião wake uti

09:51 Carlitos: wa kwa anamfumu, wamtali uja

09:54 Lucrécia (mawu, 0:38): Julião amene anataya mbuzi ya akatekisiti chaka chatha madzi ali m'chiuno? Mbuzi, Carlitos, chinthu chodziwa kusambira chokha, iye anachimiza. Ameneyo ndiye umupatse mwana wa mlongo wako? Pa chubu? Chubu chimenecho chili ndi zigamba zingati, wawerenga? Iweyo bwanji osayamba wakwerapo, upite ubwere, ndione ngati mkazi wako akhale chete.

09:56 Carlitos: ine ndimaopa madzi mana mukudziwa

09:56 Lucrécia: ehe

09:58 Tânia: anthu akuwoloka mama. amayi ena awoloka ndi dengu la tomato pamutu, atio aona

09:59 Lucrécia: tomato akagwa amadzala wina

11:20 Carlitos: ndaganiza njira ina. pali mnyamata wina pamsika wa pamalire, ali ndi karimbo kake mthumba. amadinda tsiku lomwe ukufuna, ngakhale la mwezi watha

11:21 Carlitos: angodinda kt unatuluka tsiku lamaliro. pronto

11:22 Tânia: atio imeneyo ndi fake stamp. amaona pa computer. kumeneko ndi kundende osati kungolandidwa permit

11:22 Carlitos: ena zimawayendera

11:24 Lucrécia: banja lathu lili ndi nzeru ziwiri basi. kumira kapena kumangidwa

11:25 Lucrécia: Carlitos ukabwera ndi nzeru yachitatu uyambe waitafuna

11:40 Lucrécia (mawu, 1:31): Chimene chikundiwawa ine ndi ichi. Nthawi ya nkhondo ndili kamtsikana tinawoloka mtsinje womwewu, mitolo pamutu, iwe Carlitos uli kumsana kwa amayi ukulira ngati mphaka. Palibe anatifunsa karimbo. Anthu a kutsidya anatipatsa malo, tinakhala zaka, tinadya nawo. Bambo ako Tânia anathyola tiyi ku Malawi mpaka msana kupindika, m'mawa kupita, madzulo kubwera, phazi lake linapanga njira imene mukudutsamoyo. Azakhali ako awiri anakwatiwa kutsidya. Chipatala timapita kutsidya, chigayo chikafa kuno timapita kutsidya. Lero mwana wanga, woyamba m'mudzi muno kupita ndi mapepala enieni, ndi amene akuopa geti ngati wakuba. Opanda mapepala akuyenda mwaufulu, wa mapepala akubisala. Zoona zimenezi? Ndiye ine ndikuti pita ukawauze m'maso mwawo. Munthu wopita kukaika bambo ake sanabe kanthu.

11:44 Tânia: mama zonsezo ndi zoona koma mu office simulowa zimenezo

11:45 Tânia: Shakira wa mclass mwathu msuweni wake zinamuchitikira. anamubweza. pano akugulitsa zovala ku Mocuba

11:46 Lucrécia: ali moyo?

11:46 Tânia: mama

11:46 Lucrécia: ndafunsa. ali moyo?

11:47 Tânia: zaka zitatu ndavutika. mwagulitsa nandolo, mwagulitsa njinga ya papa. zithere pa stamp imodzi?

11:48 Lucrécia: zithere mmadzi?

14:05 Tânia: ok. sungani passport yo

14:05 Lucrécia: waganiza bwino mwana wanga. bwera udzadye

14:06 Tânia: ndiwoloka opanda. mu exam safunsa passport. madzi akaphwa atio adzandibweretsera ku hostel

14:07 Lucrécia (waimba, sanayankhe)

14:07 Lucrécia (waimba, sanayankhe)

14:08 Lucrécia: yankha foni

14:09 Lucrécia (waimba, sanayankhe)

14:10 Lucrécia: Tânia ndine mayi ako yankha

14:13 Lucrécia: Carlitos ali pomwepo?

14:15 Carlitos: ali mnyumba akuwerenga mabuku ake. wati sakufuna kulankhula

14:15 Lucrécia: mutsekere. ika loko

14:16 Carlitos: mana uyu ndi munthu wamkulu, amabaya anthu jakisoni. ndimutsekere ngati nkhuku?

14:17 Lucrécia: ndiwe malume ake. mwini mbumba ndiwe. ntchito yako ndi chani, kudya mutu wa mbuzi pa maliro basi?

14:19 Carlitos: ndilankhula naye. tione mmawa. mvula ikapanda kugwa kuphiri madzi atsika usiku uno

14:20 Lucrécia: tuluka panja uyang'ane kuphiri

14:20 Lucrécia: kwada bii

16:52 Lucrécia: Tânia ndakusungira mbatata

17:30 Lucrécia: Judite wandipeza ndi foni wati namfedwa sasewera ndi foni. ndamuuza kuti anandigulira ndi mchimwene wake, akafunse kumanda

17:31 Lucrécia: Tânia ukuseka? ndikudziwa ukuwerenga

18:14 Lucrécia: kuphiri kukugunda

18:15 Lucrécia: mukumva inu awiri? kukugunda

18:40 Carlitos: tamva mana. gonani

18:41 Lucrécia: ugone ndiwe

LAMULUNGU

05:58 Lucrécia: Carlitos wadzuka mwanayo?

06:03 Carlitos: chitseko chake nchotseka. ine ndikunyamuka kubwera kumeneko ku zometa

06:03 Lucrécia: gogoda

06:09 Carlitos: mana mulibe

06:09 Carlitos: chikwama palibe. mkazi wanga akuti anamva chitseko kusanache anayesa akupita kuseri

06:10 Lucrécia (waimba, foni ya Tânia yazima)

06:11 Carlitos: Julião sayamba dzuwa lisanakwere, amadikira aone madzi bwino. anthu amakhala pamzere. nthawi ilipo

06:11 Carlitos: ndithamangire kumtsinje?

06:12 Lucrécia: ukamuuza chani chimene sanamve dzulo

06:12 Lucrécia: pita. ukamupeza ungomugwira mkono. ine ndikudziwa chochita

06:13 Carlitos: chani

06:31 Carlitos: mana chani

06:44 Carlitos: mana alamu a Judite andiimbira. akuti mulibe mnyumba. akufunani mpaka kumunda. muli kuti??

06:50 Lucrécia (mawu, 0:52, mphepo ikuwomba): Ndili pa njinga ya kabaza, usandifunse zambiri, msewu ndi matope okhaokha ndingagwe. Ndatulukira kuchimbudzi, ndadzera m'chinangwa cha a neba. Ndikupita ku geti. Eya, ndi nsalu yakuda yomweyi, ndi tsitsi langa lomweli. Iwe mnyamata, yenda pakati, ukufuna undiphe ndisanafike? Carlitos, uwauze a Judite asandifune kumunda, njoka zingawalume.

06:51 Carlitos: ku geti kukatani?? mana lero ndi tsiku lometa. anthu asonkhana. a Amândio avala kale jekete

06:52 Carlitos: namfedwa kuyenda pamsewu asanametedwe, mukudziwa zimene anene

06:58 Lucrécia: Renato sathawa mmandamo. andidikira

07:26 Carlitos: njinga yaphulika tayala pa mlatho wamatabwa. ndikuyenda wapansi

07:27 Lucrécia: thamanga ndi mimba yakoyo

08:12 Lucrécia: ndafika

08:25 Lucrécia: a migrasau akuno, odinda mapasipoti aja, ati mwanayo ndi wathu kwawo ndi kuno, nkhani yaikulu ili kutsidya. andilola ndiwoloke mlatho ndikalankhule nawo

08:26 Carlitos: mukalankhule CHANI mana

08:47 Lucrécia: ndapereka

08:47 Carlitos: mwapereka chani

08:51 Lucrécia (mawu, 1:18): Pasipoti. Ndamasula m'chiuno pamaso pawo, ndaika patebulo. Ndawauza zonse. Ndati ine ndine Lucrécia, mwamuna wanga Renato wamwalira, mwana wanga uyu wa pachithunzi anabwera kudzaika bambo ake, anadzera pamtsinje chifukwa malume ake alibe nzeru. Ndati panopa ali pagombe akufuna akwere chubu chifukwa akuopa inu. Ndati ngati pali womanga mangani ine, ndavala kale zakuda. Tsopano tamvera Carlitos. Ukamupeza umuuze kuti aku geti adziwa kuti ali ku Mozambique. Buku lake lili m'manja mwawo. Akawoloka pamtsinje, ndiye kuti walowa mozemba iwo akudziwa, mlandu wachiwiri. Njira ya kumadzi ndaitseka ine. Yatsala imodzi, abwere kuno.

08:52 Carlitos: Yesu Maria

08:52 Carlitos: mana mwachita chani

08:53 Lucrécia: wafika?

08:53 Carlitos: ndatsala pang'ono. ndikumva madzi

08:58 Lucrécia: wafika?

09:02 Lucrécia: Carlitos

09:05 Lucrécia (waimba, sanayankhe)

09:07 Lucrécia: Carlitos ndikapeza kuti waima ukupuma

09:11 Lucrécia: wina ayankhe

09:16 Carlitos: ndamupeza. anali wachiwiri pamzere, nsapato zili mmanja, foni anaikulunga mjumbo. ndamumvetsera voice yanu

09:16 Lucrécia: mugwire

09:17 Carlitos: wakhala pansi pagombe pomwepa

09:24 Tânia: mwandinenera

09:24 Tânia: mayi anga enieni mwapita kukandinenera

09:25 Lucrécia: eya

09:25 Tânia: palibe amadziwa. PALIBE. ndikanafika ku hostel masana ano

09:26 Tânia: mwandiphera sukulu ndi manja anu

09:27 Lucrécia: kwera njinga ubwere. pali mayi wina wa yunifolomu wandipatsa mpando ndi madzi. wati abwere mwini wake

09:27 Tânia: wati sandilanda permit?

09:28 Lucrécia: sanalonjeze. wati lamulo ndi lamulo koma abwere timve

09:28 Tânia: mwaona

09:29 Lucrécia: ndaona. bwera

09:30 Tânia: ndikapanda kubwera?

09:31 Lucrécia: ndikhala pampando pano mpaka andikwirire pomwepa. ukudziwa sindinama

09:50 Lucrécia: wanyamuka?

09:52 Carlitos: ndamupezera kabaza. wapita. sananditsanzike

09:53 Carlitos: ine ndikwere kabaza wina ndibwerere kumudzi ndikazimitse moto mwayatsa uja

09:53 Lucrécia: ukazimitse. ndiwe wa madzi ammawondo

11:05 Carlitos (mawu, 0:57): Mana, kuno zavuta. A Amândio akalipa mpaka mawu atha. Akuti mkazi amene wathawa lumo watengera imfa kumsewu, wadutsa nayo pamsika, wakhudza anthu osalakwa. Akuti chiyambire sanaone. Ameta okha, abale a malemu, ine ndametanso kuti mtima wawo utsike. Akuti inuyo sakumetani, ndipo za kukumasulani pa ukwati wa m'bale wawo muiwale, mukhale choncho. A Judite akumanga katundu, atenga ndi mapoto amene anabwera nawo. Ndayesa kunena za mwana, akuti mwana ndi wa kwanu, mwambo ndi wa m'bale wawo.

11:08 Lucrécia: poto wamkulu wa makutu awiri ndi wanga. asatenge

11:08 Carlitos: mana mwamva zimene ndanena koma?

11:09 Lucrécia: ndamva. lezala amagulitsa pa geti pano. ndidzimeta ndekha

11:10 Lucrécia: Renato anathyola tiyi kuti mwanayu avale yoyera. akandifunsa iyeyo ndikamuyankha. Amândio ayi

11:34 Lucrécia: wafika. wandidutsa ngati ndine mtengo. walowa mkati

11:35 Lucrécia: miyendo matope okhaokha

11:58 Lucrécia: sanatuluke

12:20 Lucrécia: ndasuzumira pawindo. akulemba. iye waima manja kumbuyo ngati pa sukulu

12:21 Carlitos: musalowe mana. mwalankhula zokwana

12:21 Lucrécia: sindinalowe. andibweza pakhomo

12:49 Lucrécia: aitana bwana wawo

13:15 Lucrécia: njala. sindinadye chilowere dzulo

13:16 Carlitos: gulani chimanga chootcha

13:16 Lucrécia: ndikachoka atuluka

13:52 Tânia: atio auzeni mama kt andilola kulowa. alemba mu passport. pali multa, chindapusa, ndasaina kt ndidzalipira

13:53 Tânia: permit sanandibwezere. ati exam ndilembe koma sabata ino ndikaonekere ku office yaikulu ku Blantyre. kumeneko ndi komwe akagamule ngati ndipitirize kapena ndibwerere

13:53 Tânia: ati mwina. MWINA

13:54 Lucrécia: ndili panja pano ukuuza malume ako chifukwa chani

13:54 Lucrécia: tuluka undiuze ndekha

13:57 Lucrécia: Tânia ndakuona. wadzera khomo la kuseri

13:58 Lucrécia: ima ndikupatse mbatata ndanyamula

13:59 Lucrécia: iwe

14:03 Lucrécia: wakwera minibus. sanacheuke

14:10 Tânia: atio ku mtsinje kuja zatha bwanji. musaname

14:14 Carlitos: aaa Tânia zisiye

14:14 Tânia: nenani

14:16 Carlitos: awoloka. Julião wawolotsa mpaka masana, kenako madzi akwera wasiya

14:16 Tânia: onse?

14:17 Carlitos: onse. ndi mayi uja anali patsogolo pako wa mwana kumsana

14:17 Tânia: mwamva mama. onse

14:18 Tânia: ndikanakhala ndili ku hostel permit ili mmanja

14:20 Lucrécia: awoloke. si ana anga

14:21 Tânia watuluka m'gulu

14:23 Lucrécia: chachitika chani. dzina lake lapita kuti

14:24 Carlitos: wachoka mgulu mana. mukafuna mulembereni payekha

14:25 Lucrécia: amatha kutuluka munthu mayi ake ali momwemo?

14:26 Carlitos: bwerani kunyumba mvula isanayambe. ndikudikirani panjira, musalowe nokha mmudzi

14:27 Lucrécia: ndilowa ndekha. ndinatuluka ndekha

Lucrécia kwa Tânia

16:40 Lucrécia: wafika?

17:22 Lucrécia: ine ndafika. pakhomo palibe munthu. asiya mphasa zokha ndi phulusa

17:23 Lucrécia: poto uja atenga

18:05 Lucrécia (chithunzi: mutu wometedwa mwa zigamba, pena pali magazi pang'ono)

18:05 Lucrécia: kumbuyo sindikuona. ukadzabwera udzamalize

18:31 Lucrécia: wafika kodi

LOLEMBA

05:47 Lucrécia: dzuka usachedwe

05:48 Lucrécia: udye kanthu. usakalowe ndi njala manja anganjenjemere

06:02 Lucrécia (mawu, 0:44): Sindipepesa, usadikire. Ukafuna ndidzapita nawe ku Blantyre, ndikawauze zomwe ndanena pa geti, sindiopa nyumba zazitali. Ukapanda kufuna, pita wekha. Akakubweza, ubwere, khomo ndi lako, tidzalima. Akakusiya, umalize, uvale yoyera ija, ngakhale usadzandiitane pa tsiku lake. Basi. Kalembe.

06:30 Lucrécia: Tânia

07:15 Lucrécia: ngakhale kungoti ndafika

07:38 Lucrécia: timizere tasanduka tabuluu. Carlitos anati tikatero ndiye kuti munthu wawerenga

07:39 Lucrécia: ndiye wawerenga

07:39 Lucrécia: kwiya mwana wanga. kwiya mpaka Pasaka

07:40 Lucrécia: wa pansi pa madzi sawerenga